Kuyeserera kupatsirana wodwala wovulala pa ngozi

Munthu wovulala pa ngozi ya pamsewu amadutsa m'manja ambiri asanafike ku fiyeta: a ambulansi, anamwino olandira odwala mwadzidzidzi, kenako madokotala ochita opaleshoni. Paliponse pamene gulu lina likumupereka kwa linzake, mfundo zina zokhudza iye zingathe kutayika. N'chifukwa chake mu 2007 bungwe la WHO linaika kulankhulana popatsirana odwala m'gulu la njira zofunika zotetezera odwala.

Mfundo imodzi yosayenera kutayika ndi nthawi imene ngozi inachitika. Kafukufuku wa CRASH-2, yemwe anachitika pa odwala oposa 20,000 m'mayiko 40 ndipo anatuluka mu 2010, anaonetsa kuti mankhwala a tranexamic acid amachepetsa imfa mwa ovulala omwe akutaya magazi. Atauunikanso mu 2011, anapeza kuti phinduli limapezeka mankhwalawa akaperekedwa maola atatu asanathe. Akachedwa kuposa apo, angathe kuvulaza. Dokotala yemwe sanauzidwe nthawi ya ngozi amangoganizira.

Ku Britain, ogwira ntchito m'ma ambulansi amagwiritsa ntchito ndondomeko ya ATMIST. Wopereka wodwala amatchula motsatana zaka zake, nthawi ya ngozi, mmene inachitikira, mabala omwe apezeka, zizindikiro monga kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, ndiponso chithandizo chomwe walandira kale. Ngati wodwalayo sakufunika kumutsitsimutsa pompopompo, olandira amayamba aleka zonse n'kumvetsera.

Kuloweza ndondomekoyi n'kosavuta, koma kuitsata pakati pa phokoso ndi magazi kumafuna chizolowezi. Apa ndi pamene maphunziro oyeserera amathandiza. Gulu limapatsidwa chidole kapena mnzawo wodziyesa wovulala, n'kupatsirana ngati zenizeni. Pomaliza amakhala pansi n'kuyerekeza zomwe wopereka ananena ndi zomwe wolandira anamva ndi kulemba.

Umboni wina unachokera ku kafukufuku wa I-PASS wa mu 2014, m'zipatala zisanu ndi zinayi za ku United States ndi Canada. Maphunziro ake anaphatikizapo kuyeserera, ndipo zolakwika pachithandizo zinatsika ndi 23 peresenti. Komabe kafukufukuyu anachitikira m'mawodi a ana, choncho chiwerengerochi sichingangotengedwa ngati cha ovulala pa ngozi.

Ku Malawi, wovulala wotumizidwa kuchokera ku chipatala cha boma kupita ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth angathe kutha maola ali panjira. Kuyeserera kumupereka sikulira zida zodula: machira, wotchi, pepala ndi mphindi zochepa za gulu lonse n'zokwanira.