Chifukwa Chake Kuzizira Sikugonjetsa Mabakiteriya Onse

Pophunzitsa za kasungidwe ka chakudya, ambiri a ife timauza ana kuti kuzizira kumaletsa mabakiteriya kuswana. Mawuwa ndi oona pang'ono chabe, ndipo tsiku lina mwana wochenjera adzafunsa chifukwa chake chakudya chimaonongeka ngakhale m'firiji. Yankho lake lili m'mafuta.

Bakiteriya aliyense ndi wokutidwa ndi nembanemba yopyapyala, yopangidwa ndi timaunyolo ta mafuta tondanda mothithikana. Chakudya chake chimalowera pamenepo, zotayidwa zimatulukiranso pomwepo, motero nembanembayo ikauma gwa, kachilomboko kamaleka kukula. Tsono bwerani nawo m'kalasi mafuta a ng'ombe ndi mafuta ophikira a mtedza, makamaka m'mawa wa mwezi wa June. Oyambawo adzakhala ogwirana, pamene enawo adzakhala akuyendabe m'botolo. Timaunyolo tambiri ta mafuta a ng'ombe n'towongoka, choncho timapanikizana ngati mtolo wa bango. Ta mtedza n'topindika, ndipo sitingathe kuthithikana chotero.

Bakiteriya amadzipangira yekha mafuta ake pogwiritsa ntchito maenzaimu, amene ndi mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'kati mwake. M'chaka cha 1974 Michael Sinensky anasonyeza kuti Escherichia coli, bakiteriya wa m'matumbo mwathu, amasunga kufewa kwa nembanemba yake pamlingo umodzi, kaya akulire potentha kaya pozizira. Imodzi mwa maenzaimu ochita zimenezi ndi FabF: kukazizira imachulukitsa unyolo wopindika wa maatomu 18 a kaboni.

Listeria monocytogenes ali ndi njira yakeyake. Maenzaimu ake amaphwanya isoleucine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni, ndipo chidutswa chotsalacho chimasanduka chiyambi cha unyolo wokhala ndi kanthambi chakumapeto. Kanthambiko, monga kupindika kuja, kamaletsa mafuta kugwirana. N'chifukwa chake bakiteriyayu amaswanabe pa madigiri 4, m'firiji momwemo. Ku South Africa, mu 2017 ndi 2018, anadwalitsa anthu oposa 1,000 kudzera mu poloni, ndipo oposa 200 anamwalira.

Ana a ku pulayimale musawasenzetse mayina onsewa. Amenewa ndi anu, kuti funso lija likadza lisakupezeni chimanjamanja. Anawo akhudze mafuta a mitundu iwiriyo, anene okha kusiyana kwake, kenaka ajambule pabolodi timizere towongoka ndi topindika. Mukatero ikani mafuta a ng'ombe aja padzuwa, ndipo muwafunse anawo chimene chachitikira timaunyolo tija.