Nthano ya m'Mlengalenga Imene Inatsegula Njira

Nthano za makolo athu zimasimba zakale. Koma pa kanema pali nthano zina zosimba za mtsogolo, pamene anthu adzayenda pakati pa nyenyezi. Ngakhale ziri zopeka, zina mwa izo zasintha miyoyo ya anthu enieni.

M'caka ca 1966 ku Amereka kunayamba sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Star Trek. Linali kuonetsa combo cacikulu couluka m'mlengalenga. Mmodzi wa akuluakulu a m'combomo anali mkazi wakuda, Uhura, dzina locokera ku liu la Ciswahili lotanthauza ufulu. Masiku amenewo akazi akuda kawirikawiri anali kuoneka pa kanema monga anchito a m'nyumba cabe.

Mai Nichelle Nichols, amene anali kusewera monga Uhura, anafuna kuleka nchitoyo. Malinga ndi kusimba kwao, Mbusa Martin Luther King ndiwo anawaletsa, nawauza kuti ana akuda afunika kuona mnzao pa udindo wotero. Mu 1977 bungwe la NASA linapempha maiwo kuti athandize kuitana akazi ndi anthu akuda ku nchito ya m'mlengalenga.

Mmodzi wa ana amene anakula akupenyerera seweroli ndiye Mae Jemison. Mu 1992 anakhala mkazi wakuda woyamba kufika m'mlengalenga, ndipo mu 1993 anaonekera m'sewero latsopano la Star Trek.

Conco inu makolo, mwana akapenyerera zotere, mufunseni cimene waona. Kapena mbeu ya nchito yake iri momwemo.