Mapiri a Dedza Asunga Mbiri Yathu

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre sachita kuuzidwa kuti wafika m'boma la Dedza. Mphepo imayamba kuzizira, mapiri amayandikira msewu, ndipo amayi ogulitsa mbatata ya kachewere amaoneka atafunda zitenje ziwiriziwiri. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndiyo tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'dziko lino. Pamwamba pake pali phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198. Wokwera phirili tsiku lopanda nkhungu amaona midzi ya ku Mozambique mbali ina, ndi nyanja ya Malawi mbali inayi.

Komabe ambiri a ife timangodutsa, osadziwa kuti m'mapiri amenewa muli chuma chimene alendo amaolokera nyanja zamchere kudzachiona. Kumpoto cha kumadzulo kwa tauniyi kuli nkhalango ya Chongoni. M'mapanga ndi pa matanthwe a dera limeneli muli malo 127 amene anthu akale anajambulapo zithunzi. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse lapansi.

Zojambulazi zili za mitundu iwiri. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri. Akatswiri amati anazijambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene anali kuno makolo athu olima asanafike. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina zimaonetsa zilombo za Gule Wamkulu, ndipo zina ndi za chinamwali, zimene anamkungwi ankalangizira nazo atsikana. Mlendo angathe kuona zimenezi ku Chencherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi.

Akachoka kumeneko, mlendo abwerere pa msewu waukulu, alowere kumwera, kenaka akhotere kum'mawa ndi kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti. Potsikapo chigwa chonse cha kunyanja chimaoneka poyera. M'tsinde mwa mapiriwo muli mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902. Pamenepa Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, pofuna kusula amisiri osema ndi kusunga miyambo. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Amene waona zithunzi za m'mapanga akafika pa Mua amamvetsa bwino tanthauzo la zomwe anaona ku Chongoni.

Tsono pali chinthu chomvetsa chisoni chimene sitingachibise. Pa matanthwe ena, makamaka a ku Chencherere, anthu alembapo maina awo ndi makala kapena choko, pamwamba penipeni pa zojambula za makolo. Ena amasonkha moto m'mapanga, utsi nkudetsa zithunzi. Ena amadula mitengo yozungulira, kotero kuti dzuwa ndi mvula zimafika pamene kale sizinkafika. Zithunzi zimene zapirira zaka mazanamazana zingathe kufafanizika tsiku limodzi ndi dzanja la mwana wosalangizidwa. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Nyumba ikagwa timamanga ina, koma chojambula cha Akafula chikafufutika palibe mmisiri amene angachibwezere.

Nchifukwa chake tikupempha aphunzitsi kuti akhale patsogolo. Phunziro la mbiri lisathere pa bolodi. Sukulu zoyandikira malowa zikonze maulendo, ndipo ana asanakwere phiri auzidwe momveka kuti chithunzi sachikhudza, sachithira madzi, ndipo pa thanthwe salembapo kanthu. Mwana amene wauzidwa kuti zoyerazo anajambula ndi agogo ake sadzatolanso khala kuti aziononge.

Nawo akuluakulu a maofesi a boma agwirane manja ndi mafumu. Misewu yopita ku mapangawa isamalidwe nyengo ya dzinja isanafike, zikwangwani zikhale zowerengeka, ndipo operekeza alendo asankhidwe pakati pa anthu a m'midzi yomweyo. Mudzi umene ukupezapo kangachepe pa alendo sulola munthu kuononga malowo.

Tchuthi chikubwerachi, mphunzitsi kapena mlembi amene ali ndi masiku awiri atenge banja lake, anyamule chovala cha mphepo, akaone yekha mapiri a Dedza. Nchamanyazi kuti mlendo wochokera kutali afotokozere mwini dziko za makolo ake.