Amisiri Otchuna Wayilesi za M'galimoto ku Lochinvar

Lochinvar, pamodzi ndi Rugare woyandikana naye, ndi malo a mu mzinda wa Harare, umene kale unkatchedwa Salisbury, amene anakula chifukwa cha njanji, pakuti kumeneko ndiko kunali kulumikiza ndi kumasula mabogi a Rhodesia Railways. Ndipo mwa anthu amene anasenza ntchito yolemetsayo munali ambiri ochokera ku Nyasaland, amene anadza ku Salisbury, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, nakhalitsa kufikira anatchedwa matchona. Koma pamene National Railways of Zimbabwe inafooka, zidzukulu zambiri zinatembenukira ku ntchito zamanja, ndipo mwa ntchitozo ilipo ina imene makolowo sakanailota, ndiyo kuika ndi kutchuna wayilesi za m'galimoto.

Amene amadza kwa amisiriwa kawirikawiri ndiwo eni makombi ndi oyendetsa timagalimoto ta Honda Fit togulidwa takale ku Japan. Ndipo dandaulo loyamba limabwera ndi galimotolo, popeza wayilesi zambiri za ku Japan zimagwira kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zimafika mpaka pa 108, kotero kuti mmisiri ayenera kulumikiza kachipangizo kowonjezera kapena kuzula wayilesiyo n'kuikapo ya Pioneer kapena Sony. Mnyamata wophunzira ntchitoyi saloledwa msanga kukhudza mabatani, koma amayamba ndi kugona chagada pansi pa chiwongolero, kusenda mawaya, kuika fyuzi pafupi ndi batire kuti galimoto lisapse, ndi kupala penti pamene waya wa efi agwira chitsulo, pakuti waya ameneyu akakhala wolobodoka, masipika amalira kaphokoso kosongoka kamene kamakwera pamodzi ndi injini.

Zonsezi zikatha, pamene dalaivala ayesa kuti ntchito yatha, m'pamene umisiri weniweni umayamba. Khutu la munthu limamva kuyambira pa 20 kufikira pa 20,000 Hz, ndipo ikwalaiza imagawa mtunda wonsewo m'zigawo: pansi pali besi, pakati pali mawu a woimba ndi gitala, pamwamba pali tizitsulo tolira nsensense. Mmisiri wokhwima amabweza zonse pa ziro, natseka zitseko ndi mawindo, naika nyimbo imene aidziwa bwino, kawirikawiri sungura ya Alick Macheso, mwana wa bambo wochokera ku Malawi, amene besi yake siguguda chabe koma imayenda ngati ikulankhula; ndipo akamva kuti mawu aphimbika, sakweza chapamwamba ayi, koma amatsitsa pang'ono chigawo cha pafupi ndi 250 Hz, kufikira woimba atatuluka poyera. Monga woimba ng'oma za Gule Wamkulu awamba mbalule pamoto ndi kuchepetsa kapena kuwonjezera phula mpaka igwirizane ndi zinzake, momwemonso iye asuntha batani limodzi, namvetsera, nasunthanso, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adziwanso kuti kombi yopanda anthu ndi kombi yodzaza zimalira mosiyana, chifukwa matupi ndi zovala zimameza mawu apamwamba, pamene mkokomo wa injini ndi matayala umaphimba besi. Motero wosamala ntchito yake amayesanso galimoto lili pamsewu.

Mlandu waukulu wa ntchitoyi uli pakati pa khutu la mmisiri ndi mtima wa mwini galimoto, amene afuna kuti pofika pa siteji anthu amumve akadali kutali. “Achimwene, kwezani besiyo,” amatero, ndipo mmisiri, podziwa kuti kukweza ndi madesibelo 3 okha kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, ndi kuti ampulifaya yokakamizidwa imaphwanya mawu n'kutentha koyilo ya sipika, amayankha mwaulemu kuti, “Bwana, ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.” Alipo amene amangomvera, pakuti sipika yopsa ndi ndalama ya mawa, koma ena amakana, nalola dalaivala achoke wonyinyirika, podziwa kuti m'ntchito yopanda chikwangwani ndi satifiketi, mbiri ya munthu imayenda ndi magalimoto amene anawagwira, ndipo kombi imene yatha chaka chathunthu ikulira bwino pa msewu wa ku Kambuzuma imamubweretsera madalaivala ena.