Pemphero Likatha, Lamba wa Helemeti Amangidwe

Helemeti ya achimwene anga inkakhala pa chiwongolero. Kumutu inkafika pokhapokha mnzawo akawaimbira foni kuti kutsogoloko kuli apolisi apamsewu, ndipo akangowadutsa inkabwerera pamalo pake. Pa thanki ya njinga yawo anamatapo sitika yofiira yonena za mwazi wa Yesu. M'mawa uliwonse asanalize injini ankagwira chishalo n'kupemphera mokweza, mpaka aneba anazolowera.

Sindikunyoza ayi. Ine ndi iwo tinakulira mumpingo umodzi wa Chipentekoste, ndipo mpaka lero ndikamakwera minibasi ndimayamba ndapemphera chamumtima. Koma dzinja lapitali, akubwerera ku siteji yawo ya kabaza ku Lilongwe, galu anadumpha msewu, iwo n'kugwira buleki yakutsogolo pamchenga umene mvula inakokolola. Anathyoka fupa la paphewa ndipo anasokedwa kumutu. Njinga itabwera kunyumba, helemeti ija inali ikadali lende pa chiwongolero, yopanda ndi kachipsera komwe.

Kuchipatala abale a mumpingo anatigwira mkono, ndipo pamenepo sindingawanenere zoipa. Amayi ankabwera ndi phala m'mawa, achinyamata ankasinthana kugonera. Popemphera wina ankadzudzula mzimu wa ngozi, wina ankabweza mivi yochokera kumudzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi kumutuku kunali chiyani. Inenso ndinangoti zii, poti wamng'ono safunsa zotere pamaso pa akuluakulu. Miyezi itatu achimwene ali gone, ngongole ya banki m'khonde imene anagulira njingayo sinagone nawo. Lendi ndi fizi ya ana awiri zinagwera ine ndi alamu anga.

M'masiku amenewo, usiku wina ndikungoyendayenda pa foni, ndinaona zithunzi za azibambo ndi azimayi a ku America atavala majekete achikopa, atagwirana manja mozungulira njinga zikuluzikulu, mitu ili pansi. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi zigawenga za m'mafilimu zija. Koma ayi, anali anthu opemphera, ndipo dzina la gulu lawo linandikopa: Azusa StreetRiders.

Amene munamvapo mbiri ya Chipentekoste dzina la Azusa mukulidziwa. Mu 1906, mlaliki wachikuda William J. Seymour, mwana wa makolo amene anali akapolo, anayamba kuchititsa mapemphero m'nyumba yakale pa nambala 312 mumsewu wa Azusa ku Los Angeles. Akuda ndi azungu ankapemphera pamodzi, zomwe zinali zachilendo kwambiri nthawi imeneyo. Moto umenewo unafalikira msanga, moti pofika 1908 John G. Lake ndi anzake anali atafika nawo ku Johannesburg, kumene kunabadwira mpingo wa Apostolic Faith Mission umene ulinso kwathu kuno. Choncho okwera njinga aja ndi abale athu a mtundu umodzi, ngakhale kuti iwo ndi a nthambi ya Chipentekoste imene imabatiza m'dzina la Yesu lokha.

Gulu lawolo linayamba mu 1999 ku South Carolina, dera limene tauni yake ya Myrtle Beach imadzaza ndi okwera njinga zamoto mwezi wa May chaka chilichonse. Cholinga n'chosavuta kumva. Munthu amene moyo wake uli pa njinga, amene sangaponde pakhomo la tchalitchi ngakhale mutamulonjeza mpunga wa nkhuku, amamvetsera mnzake amene waima pambali pake ndi njinga yakenso. Nkhani imayambira pa injini ndi matayala, kenako imafika pa banja limene likugwedezeka kapena mowa umene wavuta kusiya. Amasonkhanitsanso ndalama zogulira njinga zamoto amishonale amene akutumikira m'mayiko akutali.

Iwo sanali oyamba. Gulu lalikulu kwambiri la mtunduwu ndi Christian Motorcyclists Association, la Akhristu a mipingo yosiyanasiyana, limene m'busa Herb Shreve anayambitsa ku Arkansas mu 1975. Chiyambi chake chinandikhudza. Mkuluyu anagula njinga yamoto pofuna kuyandikana ndi mwana wake wamwamuna amene anali atayamba kupanduka. Bambo ndi mwana akuyenda limodzi m'misonkhano ya okwera njinga, m'busayo anaona khamu la anthu limene palibe mpingo unkaliganizira. Lero gululi lili m'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa.

Koma chimene chinandisowetsa tulo si mbiriyi. Ndi m'mene anthu okwera pagulu kumeneko amakonzekera ulendo.

Aliyense amayenera kufika pamalo okumanira thanki ili yodzaza, kuti gulu lisaime panjira chifukwa cha munthu mmodzi. Asananyamuke pamakhala kamsonkhano: tidutsa msewu uti, tipuma pati, wina akasochera tikumana kuti. Magulu a chikhristu amapemphera pamenepo. Kenako aliyense amakhala pamalo pake. Kutsogolo kumakhala wodziwa njira, amene amamutcha road captain. Amene angoyamba kumene kukwera amaikidwa pafupi ndi iyeyo, kuti liwiro la gulu lonse litengere wofookayo. Kumbuyo kwenikweni kumakhala katswiri wina amene amamutcha sweep, ndipo kawirikawiri ndi amene amanyamula zipangizo zokonzera njinga ndi kabokosi ka chithandizo choyamba. Ntchito yake ndi imodzi: njinga ya wina ikafa kapena wina akagwa, iye amaima naye. Sapitirira munthu.

Pamsewu sayenda mophathikana. Bungwe la Motorcycle Safety Foundation, limene limaphunzitsa kukwera njinga ku America, limalangiza kuti gulu likhale la anthu asanu mpaka asanu ndi awiri, ndipo likakula ligawidwe. Amayenda mosemphanitsa, wina chakumanzere kwa njira yawo, wotsatira chakumanja, wachitatu chakumanzerenso. Pakati pa iwe ndi amene ali patsogolo pako penipeni pamakhala mpata wa masekondi awiri. Akafika pamakona kapena pamsewu woipa amalowa mumzere umodzi. Ali ndi zizindikiro za manja zimene onse amazidziwa, moti wakutsogolo akaona dzenje amaliloza ndi dzanja kapena phazi, wotsatira n'kuchita chimodzimodzi mpaka uthenga ufike kumapeto. Ndipo amakumbutsana kuti usathamange kuposa m'mene ukudziwira pongofuna kuti anzako asakusiye.

Njinganso imayamba yaunikidwa: matayala ndi mpweya wake, mabuleki ndi zingwe zake, magetsi, oilo, tcheni, ndi kamwendo koimikira. Zonsezi ndi mphindi zochepa chabe.

Ali ndi chifukwa chochitira mantha. Ziwerengero za boma la America zimaonetsa kuti pa mtunda wofanana, wokwera njinga yamoto ali pachiopsezo chofa pangozi kuposa ka 20 poyerekeza ndi wa m'galimoto. Komanso lamulo la helemeti kumeneko silofanana m'madera onse. Ku South Carolina amakakamiza okhawo osafika zaka 21, pamene ku Iowa, Illinois ndi New Hampshire munthu wamkulu sakakamizidwa n'komwe. Ndiye kuti m'madera otere chimene chimaveka munthu helemeti si wapolisi. Ndi chikumbumtima chake, mkazi wake, kapena anzake amene amayenda nawo. Si onse amene amavala, ndipo mkangano wa ufulu wa munthu pa mutu wake ulipo ndithu pakati pa okwera njinga a ku America. Koma gulu limene limati ndife abale, n'kumaikana m'manda chifukwa cha lamba wosamanga, limayenera kudzifunsa kuti ubalewo uli pati.

Moyo wawo wapagulu umaonekanso bwino njinga zikaima. M'madera ozizira njinga zimatsekeredwa m'garaja nyengo yonse ya chisanu, ndipo kukayamba kufunda mipingo yambiri imachita mwambo wodalitsa njinga. Wina akagonekedwa m'chipatala anzake amakamuona, wina akamwalira njinga zimaperekeza maliro mumzere. Apa sindinaone chachilendo, chifukwa pa matenda ndi maliro ife Amalawi palibe angatiphunzitse. Okwera kabaza akamaperekeza mnzawo kumanda tauni yonse imadziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ife ubale wathu umadzuka ngozi itachitika kale, pamene iwo ena mwa machitidwe awo amaubweretsa m'mawa, injini isanalire.

Ndinatenga foni kukawaonetsa achimwene, mkono wawo ukadali pa nsalu. Anayang'ana zithunzizo n'kuseka mpaka phewa linawapweteka.

"Iwe, amenewa akusewera," anatero. "Amakwera Loweruka atakhuta. Njinga imodzi yokhayi ingagule ma Lifo angati? Ine ndimakwera kuti ana adye. Ukamaunika tcheni, kasitomala watengedwa ndi mnzako."

"Koma achimwene, helemeti munali nayo," ndinayankha.

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Imatentha. Komanso munthu ukapemphera uyenera kukhulupirira."

Mfundo yawo yoyamba ndi yoona ndipo sindikufuna kuipeputsa. Wokwera Harley-Davidson kapena Honda Gold Wing pa tsiku lopuma si wofanana ndi mnyamata amene abwana ake akudikira ndalama ya tsiku madzulo, mafuta akusowa, makasitomala akunenerera mtengo. Liwiro la kabaza nthawi zambiri ndi liwiro la njala. Ambiri anaphunzira kukwera pa bwalo la mpira kwa masiku awiri, ndipo ndalama ya sukulu yoyendetsa, laisensi ndi inshulansi ndi phiri kwa munthu amene amapeza ya lero lokha. Ulaliki wonena za chitetezo umene sukuona zimenezi ndi wongotaya nthawi.

Koma mfundo yachiwiriyo ndi imene inandipweteka, chifukwa sinachokere ku umphawi. Inachokera ku guwa. Penapake tinaphunzira kuti kusamala ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Chonsecho Baibulo lomwelo, pa Mateyu 4, limasimba za Satana akuuza Yesu kuti adziponye kuchokera pamwamba pa kachisi poti angelo amugwira, ndipo anachita kutchula Salimo 91, lomwe lija timakonda kuwerenga tikamanyamuka ulendo. Yesu anakana, n'kunena kuti kumeneko n'kuyesa Mulungu. Pa Deuteronomo 22 pali lamulo lakuti womanga nyumba aike kampanda padenga kuti munthu asagwe. Nehemiya pomanga linga anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Sindine m'busa, koma sindinapezepo pamene pemphero linaletsa munthu kumanga lamba.

Ndipo helemeti imagwiradi ntchito. Kafukufuku amene bungwe la WHO lakhala likumutchula amaonetsa kuti kuivala moyenera kumachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Bungwe lomwelo limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo ndi zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Amenewo ndi ife amene tikuwerenga nkhaniyi pa foni. Mawu oti moyenera ndi ofunika. Helemeti yosamanga lamba imauluka mutu usanafike pansi. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba chija sichinapangidwire msewu. Ndipo helemeti imene inamenyekapo kale mwamphamvu iyenera kusinthidwa ngakhale kunja ikuoneka bwino, chifukwa chofewa cham'kati chija chikaphwanyika kamodzi sichibwerera.

Apa ndiulule tchimo langa. Lamulo la dziko lino limafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse avale helemeti, koma ine ndakhala ndikuikana kambirimbiri. Tsitsi ndangomangitsa kumene, helemetiyo yadutsa m'mitu ya anthu makumi angapo, fungo lake losaneneka. Ndinkangoti, "Asiyeni, ndi pafupi pompa." Ndakwerapo atatu pa njinga imodzi pochokera ku ovanaiti, tikuimba nyimbo zachitsitsimutso msewu wonse. Ndiye pamene ndinkawaloza achimwene chala, zala zinazo zinkaloza ine. Pano m'chikwama changa mumakhala kampango kopyapyala kofunda kumutu ndisanavale helemeti ya kabaza. Tsitsi limaphwanyikabe, sindikunamizeni.

Mumpingo mwathu muli okwera kabaza asanu ndi mmodzi, ndipo onse amakhala mabenchi akumbuyo kuti athawe msanga kukadikira makasitomala pageti. Achimwene atachira ndinawapempha kuti angoyesa kucheza nawo. Anakana kawiri, ati anzawo awaseka kuti ngozi yawasandutsa wapolisi. Kachitatu alamu anga ndi amene analankhula, ndipo mawu awo sanali ambiri: anangowakumbutsa amene ankawasambitsa miyezi itatu ija.

Zimene zilipo pano ndi zazing'ono, zopanda dzina, zopanda majekete achikopa. Lamulungu mapemphero akatha amakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Amapemphera, kenako aliyense amaunika njinga ya mnzake osati yake, poti yako umaikhululukira zambiri. Amasonkha kangachepe sabata iliyonse, ndipo ndalama yoyamba inagula tayala la mnyamata wina amene lake linali litasalala ngati mbale. Awiri mwa asanu ndi mmodziwo anasiya kubwera. Mmodzi amavala helemeti koma lamba akuti amamutsamwitsa. Abusa anawadalitsa pa guwa tsiku lina, koma za chitetezo sanalalikirepo.

Lolemba lapitali achimwene ananditenga kupita kuntchito. Anagwira chishalo n'kupemphera monga mwa masiku onse, mokweza, aneba akumva. Atati ameni anandipatsa helemeti yachiwiri, yogula pa kaunjika, yaikulu pang'ono kuposa mutu wanga.

"Manga lamba, chemwali," anatero. "Ukapanda kumanga ukwere minibasi."

Ndinamanga. Titafika pa mphambano ndinaona kuti wawo unali ukulendewera, ndipo ndinawagogoda paphewa, lomwe linathyoka lija. Anadandaula, n'kuima pambali pa msewu.