Kampani ya inshuwalansi iphunzire kwa mlembi wa banki mkhonde

Gulu la banki mkhonde likafika tsiku logawana ndalama popanda kulozana zala, thokozani mlembi. Mlembi wodziwa ntchito salemba zonse pa tsamba limodzi. Mayina a mamembala amakhala pawokha, aliyense ndi nambala yake. Masheya pawokha, ngongole pazokha, zosonkha za thumba la zadzidzidzi pazokhanso. Pa tsamba la ngongole simupezapo mudzi wa munthu kapena foni yake. Mumangopeza kuti nambala 14 anatenga zakuti tsiku lakuti, ndipo mukafuna kudziwa kuti 14 ndi ndani, mumabwerera ku tsamba la mayina.

Kalembedwe kameneka ndi kamene akatswiri a kompyuta amati relational database. Amene anakafotokoza koyamba ndi Edgar Codd wa ku kampani ya IBM mu 1970, ndipo mpaka lero mabanki ndi makampani ambiri a inshuwalansi amasunga zinthu zawo motero, pa mapulogalamu monga Oracle, PostgreSQL ndi MySQL. Mfundo yake ndi yaifupi: chinthu chimodzi chilembedwe pamalo amodzi basi, manambala ndiwo alumikize makaundula.

Tiyerekeze kuti kampani ikufuna kuteteza katundu wa anthu ku Rumphi: mashopu a pa boma, zigayo za ku Bolero, zigafa za fodya m'chigwa cha Henga, malo ogona alendo ku Chitimba. Kaundula woyamba ndi wa eni katundu, ndipo msampha uli pomwepa. Ku Rumphi a Gondwe, a Msiska ndi a Mhango ndi ochuluka, moti kupeza anthu awiri a dzina limodzi ndi chiwongo chimodzi m'mudzi womwewo si zodabwitsa. Mayi amene pa chiphaso pake palembedwa Gondwe, kumudzi amamuitana Nyagondwe, kutchalitchi amamutchula ndi dzina la mwamuna wake. Kalaliki akadalira mayina, mayi mmodziyu asanduka anthu atatu m'kompyuta, kapena ndalama zake zigwera kwa mnzake wa dzina lofanana. N'chifukwa chake kasitomala aliyense amapatsidwa nambala yosabwerezedwa, imene akatswiri amati primary key. Chiphaso cha unzika, chimene a National Registration Bureau analembera anthu ambiri mu 2017, chimathandiza kutsimikiza munthu, koma ine sindingamangire kaundula wonse pa icho. Makasitomala ena ndi mipingo, masukulu kapena magulu a alimi a khofi ku Phoka, ndipo amenewa alibe chiphaso chotero.

Kaundula wachiwiri ndi wa katundu weniweniyo. Nyumba ili kuti, denga ndi lamalata kapena laudzu, njerwa ndi zootcha kapena zidina? Ku Hewe kapena ku Mhuju kulibe manambala a nyumba m'misewu, choncho pafunika mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi manambala a GPS. Vutoli ndi lakale. Ku London, moto waukulu wa 1666 utapita, makampani oyamba a inshuwalansi ya moto ankakhoma kachitsulo pa khoma la nyumba, nthawi zambiri kokhala ndi nambala ya mgwirizano, chifukwa nakonso nyumba zinalibe manambala.

Otsalawo ndi makaundula a migwirizano, a ndalama zimene kasitomala walipira, ndi a madandaulo ofuna chipukutamisozi. Munthu akalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mzere wake umangofuna nambala ya mgwirizano, tsiku ndi ndalama. Dandaulo likabwera ndi nambala ya mgwirizano umene kulibe, kompyuta imakana kulilemba, monga momwe mlembi amakanira kulemba ngongole ya munthu amene si membala. Nanga nyumba yamasiye imene abale anayi ali nayo limodzi, mmodzi mwa iwo alinso ndi chigayo chakechake? Pamenepo pamakhala kaundula wina wamng'ono wongolumikiza: nambala ya munthu apa, nambala ya katundu apo, mizere inayi ya nyumba imodzi. Mmodzi akasintha foni, mumakonza pa mzere wake m'kaundula wa eni katundu, kwatha.

Pamene okonza ambiri amapunthwa ndi pa nkhani ya kufufuta. Mlembi wabwino safufuta zimene membala anagula mwezi watha pofuna kulemba za mwezi uno. Amatsika mzere wina ndi kulemba tsiku. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo simenti ndi malata zinakwera mtengo. Shopu imene inatetezedwa pa mtengo wa 2022 siingamangidwenso ndi ndalama zomwezo. Mwini wake akabwera kudzakweza mtengo wa chitetezo, kalaliki n'kungofufuta wakale ndi kuikapo watsopano, kampani yadzikolezera moto. Tiyerekeze kuti mphepo inasasula denga mu Januwale, mtengo unakwezedwa mu Febuluwale, dandaulo n'kufika mu Malichi. Alipidwe pa mtengo uti? Yankho lili pa mtengo umene unkagwira ntchito tsiku la ngoziyo, ndipo ngati unafufutidwa, mkangano wake ukathera kukhoti. Choncho mtengo uliwonse ukhale ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiponso dzina la wogwira ntchito amene anasintha. Zimadya malo m'kompyuta, inde, koma malo amenewo ndi otsika mtengo kuposa loya.

Pali chimodzi chimene kope la mlembi silingachite. M'gulu la anthu 20 kapena 25 aliyense amadziwa nyumba ya mnzake, pamene kampani ili ndi makasitomala masauzande amene palibe angawasunge m'mutu. Makaundula akalumikizidwa bwino, funso limodzi lolembedwa m'chinenero cha SQL limatulutsa nthawi yomweyo mtengo wonse wa katundu amene kampani yateteza m'mphepete mwa nyanja ku Chiweta, Mlowe ndi Chitimba, kapena m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru. Moto umatentha shopu imodzi kapena ziwiri, koma zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi namondwe Freddy kummwera mu Malichi 2023 zinagwetsa nyumba zambirimbiri nthawi imodzi. Kampani yosadziwa kuti yaunjika katundu wochuluka bwanji pamalo amodzi siingadziwenso kuchuluka kwa chitetezo chimene iyo ikagule ku makampani akuluakulu oteteza makampani anzawo, ndipo malipoti ake ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira za inshuwalansi m'dziko muno, adzakhala ongopeka.

Inu amene mwapatsidwa ntchito yokonza database yotere, musanayatse kompyuta tengani pepala, mujambule makaundula anu ndi manambala owalumikiza, kenako mukhale pansi ndi kalaliki amene amalandira madandaulo tsiku ndi tsiku. Mufunseni za nyumba ya eni anayi, za mayi wa mayina atatu ndi za denga limene linasasuka mtengo usanakwezedwe. Chojambula chanu chikalephera kuyankha limodzi mwa mafunso amenewa, chikonzeni chikadali papepala.