Katundu wa rijekiti: zimene ogula zipolopolo ku America angatiphunzitse

Mawu akuti rijekiti amagawa amalonda pawiri. Ena akangomva amathawa, ena amathamangira poti mtengo watsika. Onsewa akhoza kuluza. Sabata ino titenge chitsanzo chakutali, cha katundu amene kulakwika kwake pang'ono kumaonekera msanga: mitu ya zipolopolo za mfuti ku America. Tinene poyamba kuti kuno kwathu uyu si katundu wa pa benchi, ndipo kusunga kapena kugulitsa zipolopolo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu waukulu. Chimene tikufuna ife ndi nzeru ya kagulidwe.

Ku America alenje ambiri ndi ochita mpikisano wowombera chandamale amadzikonzera okha zipolopolo. Mfuti ikalira, khoko lamkuwa limatsala, ndipo amalitola n'kuligwiritsanso ntchito. Chimene amagula nthawi zonse ndi wonga, kachoyatsira, ndi mutu umene umauluka uja, wopangidwa ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa. Munthu wowombera kawirikawiri amatha mitu mazanamazana, n'chifukwa chake mtengo wake umamukhudza ngati mmene mtengo wa mafuta umakhudzira wophika mandasi.

Makampani ena opanga mituyi sataya imene yalephera kufika pa giredi yoyamba. Kampani ya Sierra ya ku Sedalia, m'chigawo cha Missouri, imagulitsa marijekiti ake. Kampani ya Nosler ya m'chigawo cha Oregon nayonso imagulitsa ake. Funso la ogula ndi lomwe inu mumadzifunsa pamaso pa katoni yotchipa: kodi ndipindula?

Yankho limadalira mtundu wa chilema, ndipo zilema zilipo za mitundu iwiri. Choyamba ndi cha maonekedwe: mkuwa wachita mawanga, wakandika pang'ono, kapena sukuwala. Mutu wotere umauluka chimodzimodzi ndi mnzake wa mtengo wonse, ndipo wogula wapulumutsa ndalama popanda kutaya kanthu. Chachiwiri ndi cha kapangidwe: kulemera kosiyana, utali wosiyana, kapena mitu ya magulu angapo yosakanikirana m'thumba limodzi. Apa ndi pamene pali nkhani.

Ogula ochenjera sakhulupirira maso okha. Amayeza mutu uliwonse pa sikelo yaing'ono ya ma grain. Grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065, ndipo mutu wodziwika wa ma grain 168 umalemera magalamu osakwana 11. Amaika mituyo m'magulu, yofanana payokha, yosiyana kwambiri pambali. Komabe pali chilema chimene sikelo siigwira. Mutu ukatuluka mu mfuti umazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Ngati mkuwa wakhuthala mbali imodzi, mutuwo umayenda mopepesuka ngati gudumu la njinga lopindika, ngakhale kulemera kwake kuli kolondola. Pa mtunda wa mamita 100 kusiyanako kungakhale kochepa, koma pa mamita 600 kumakula. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito marijekiti poyeserera, koma tsiku la mpikisano amatenga a giredi yoyamba.

Vuto lina ndi lakuti rijekiti sabwera kawiri mofanana. Thumba la lero likhoza kukhala labwino kwambiri, la mwezi wamawa n'kukhala losakanizika. Kawirikawirinso katundu wotere sabwezedwa. Ukagula wagula.

Tsopano tibwerere pa msika wathu. Mbale, makapu, nsapato, matailosi, ngakhale nsalu zimabweranso ndi marijekiti, ndipo mafunso ake ndi omwewa.

Funsani chimene chinalakwika. Wokupikulitsani akati "ndi rijekiti basi", asakuthereni pomwepo. Kapu yofufuka utoto imamwetsabe tiyi. Chidebe chokhala ndi mng'alu pansi sichisunga madzi, ngakhale chiwale bwanji. Nsalu imene maluwa ake apendekeka pang'ono imavalika, koma yochucha utoto ikachapidwa idzakubweretserani kasitomala wokwiya.

Werengani musanalipire. Tiyerekeze kuti makapu abwino mumaoda pa K1,000 imodzi, ndipo a rijekiti akukupatsani pa K700. Makapu 100 mwalipira K70,000. Mukasankha n'kupeza kuti 20 sangagulike, otsala 80 aja akudyerani K875 imodzi, ndipo phindu lilipobe. Koma oonongeka akakhala 35, kapu iliyonse yakudyerani pafupifupi K1,077, kuposa yabwino ija. Apo sitinawerengere tsiku limene mwataya posankha, ndiponso kuti rijekiti simungaigulitse pa mtengo wa giredi yoyamba. Mtengo weniweni ndi wa katundu amene watsala mutasankha.

Yambani ndi pang'ono. Wogula mitu wanzeru amayamba wayesa thumba limodzi, likakhala bwino ndi pamene amagula yambiri ya gulu lomwelo isanathe. Inunso tengani katoni imodzi, muitsekule pamaso pa wogulitsa, muone za pansi osati za pamwamba zokha. Musaike mpamba wonse pa katundu wosabwezedwa.

Ganizirani ntchito imene katunduyo akukagwira. Mbale yokandika siivulaza munthu. Koma waya wamagetsi, mabuleki a njinga, chipewa cha oyendetsa njinga yamoto kapena chilichonse cha makanda, chilema chake chimabisala ngati cha mkuwa wokhuthala mbali imodzi uja, ndipo chimadzaonekera tsiku la ngozi. Pa zinthu zotere rijekiti isiyeni, kaya yatchipa chotani.

Pomaliza, uzani kasitomala zoona. Makampani a ku America aja amalemba poyera kuti katunduyu ndi wa giredi yachiwiri, ndipo anthu amamugulabe chifukwa akudziwa chimene akugula. Ikani marijekiti mulu wawokha, mtengo wawokha, ndipo muonetseni wogula pamene pali chilema. Mayi wogula makapu a pa ukwati kapena pa maliro adzakondwa kupeza otchipa, ndipo adzabweranso. Koma mukasakaniza ndi abwino n'kumubisira, mwapindula K300 lero, mwataya kasitomala ndi anzake onse a kumudzi kwawo.

Choncho katoni yotchipa ikabwera sabata ino, musafunse mtengo wokha. Funsani chilema, tsekulani, werengani, kenako mulipire.